Apongozi Azikhosomola Panjira

Iwe Fatsani, usabisale kumbuyo kwa mlongo wako, ndakuona kale. Dzulo pochokera kudimba unkanditsata m'mbuyo n'kumanditsanzira, ndipo titafika pokhota paja pali chulu chachikulu, unayamba kukhosomola ine ndisanayambe. Anzako n'kumafa nazo nseko. Mumayesa kuti agogo anu makutu anatha ndi ukalamba. Ayi ndithu. Makutu anga anali ogontha ndili mnyamata, anatseguka nditakula, ndipo nkhani yake ndi imene mumve lero. Khalani pansi nonse. Kokerani mtanga uwo pakati muzisankha thonje, loyera uku lakuda uko, pakuti kumvetsera sikugwira munthu zala.

Pokhota paja ndimakhosomola dala. Chifuwa changa chilibe kanthu.

Ine sindinabadwire m'mudzi muno. Ndine Msena wa kutsidya, kwa Apwitikizi, ndipo dzina lakuti Zuze ndinabwera nalo kuchokera konko. Chaka chimene asilikali ankatentha midzi kwathu, tinathawa ambiri. Ine ndinaoloka ndekha, nditasenza mfumba basi. Mukuyang'anana chiyani? Simuidziwa mfumba? Ndi mkeka wosokedwa ngati thumba, munthu umalowamo n'kudzitsekera kuti udzudzu usakudye. Inu a masikito anuwa simungagone m'menemo ngakhale pang'ono, mungalire amayi anu. M'mfumba munkatentha koopsa, koma kunja kwake kunali udzudzu wa m'Shire, ndiye munthu unkasankha thukuta.

Ndinayamba ndadula nkhuni za sitima zapamadzi ku Chiromo, mpaka manja anachita zikang'a. Kenaka ndinafika kuno kwa Mlolo pogulitsa nsomba zouma, ndipo padooko ndinaona mtsikana akukalipira mwini bwato amene anamunyowetsera mapira. Anali Ndaziona, agogo anu aakazi. Inu munawadziwa ali ofatsa, akukupatsani masau m'manja. Nthawi imeneyo pakamwa pawo pankayaka moto. Ndinaima n'kumamvetsera mpaka nsomba zanga anaba agalu.

Kwathu ku Usena mwamuna amapereka chuma n'kutenga mkazi kupita naye kwawo. Ine kwathu kunali phulusa, mbuzi ndinalibe ngakhale yopunduka. Nditamva kuti Amang'anja mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi, ndinati apa ndatola, mkazi ndi mudzi womwe zaulere. Kupusa kwanga! Chikamwini sichinali chaulere. Denga likadontha, Zuze. Mvuu zikalowa m'munda, Zuze. Nkhuku ikasowa, anthu ankangoyang'ana kumene kuli Zuze. Komabe ndinkakondwa, chifukwa kwa nthawi yoyamba chithawireni ndinali ndi khomo langa lotseka, ndipo patapita miyezi Ndaziona anaima. Mimba imeneyo inali ya amayi ako, iwe Eneresi.

Chimene chinandivuta kuposa khasu chinali mwambo wa apongozi. Amayi a Ndaziona anali a Nangondo. Mkamwini sankayang'ana apongozi ake aakazi kumaso, sankadya iwo akuona, sankadutsana nawo panjira. Ukawaona akubwera unkapatukira kutchire, n'kunjuta kuloza kwina mpaka adutse. Nawonso anali ndi mbali yawo. Pofika pobisika ankayenera kukhosomola kapena kuimba, kuti mkamwini apeze mpata wothawa. Lero ndimaona mkamwini atakweza apongozi ake panjinga kupita nawo ku Bangula, iwo atamugwira m'chiuno, akukambirana mtengo wa nyemba. Sindinena kuti n'zoipa, koma ndikaona ndimayang'ana kumbali ndekha, m'malo mwawo. Ine chaka chonse choyamba apongozi anga ndinkawadziwa mapazi okha. Chala chawo chachikulu chakumanzere chinali chopindikira panja, ndipo ndikangochiona ndinkadziwa kuti nthawi yolowa m'zitsamba yakwana.

Tsopano mumve za tchire. Kuseri kwa minda, kumene lero kuli thonje la anthu mpaka kumapiri, kunali udzu wautali kuposa munthu, ndipo munali nyama. Mphoyo, agwape, anyakodzwe, njiri, ntchenzi zosawerengeka. Azungu anali atayamba kale malamulo awo, akuti njovu ndi njati n'za Boma, mfuti ya gogodela ikhale ndi chiphaso. Amenewo tinkawaopa mesenjala akakhala pafupi. Koma lamulo limene tinkaliopa ngakhale tili tokha linali la mwini tchire. Udzu ukayamba kuuma, tchire linkatsekedwa. Palibe wolowamo ndi moto, palibe wolasa kanthu, kufikira tsiku la uzimba, pamene midzi yonse inkasonkhana kutentha tchire ndi kusaka pamodzi. Mwana wa m'mudzi akalakwira lamuloli ankapepesa mizimu ndi mbuzi kapena mowa. Mkamwini akalakwira, ankangomuuza kuti apinde mfumba yake. Mkazi ndi ana ankatsala, pakuti kuno ana ndi a kuchikazi.

Mwini tchire anali mlongo wawo wa a Nangondo, malume ake a Ndaziona. Ankatchedwa a Mlongoti, chonsecho anali munthu wamfupi, wondilekeza pachifuwa apa. Sanali munthu woipa. Ankangokonda kumva mawu awo omwe. Anali ndi mkondo umene ankaunyadira kuposa ana awo, wokulungidwa waya wamkuwa pakhosi, wokhala ndi timizere titatu pachitsulo. Ankati anaphera njati. Akuluakulu ena ankanong'ona kuti njatiyo inali itatitimira m'matope masiku awiri, koma ankanong'ona a Mlongoti atapita.

Kutatsala masiku atatu kuti uzimba uchitike, a Mlongoti anandiitana.

"Akamwini, pitani nawo mkondo uwu kwa wosula, akaunole, akalimbitsenso mpini. Muugwire ngati mwana wakhanda. Mwamva?"

"Ndamva, malume."

Popita ndinaugwiradi bwino. Pobwera ndi pamene satana anandilowa. Mudziwe kuti kwathu tinali anthu a bwato ndi ukonde, mkondo weniweni ndinali ndisanaugwirepo. Tsono uwu unali utanoledwa, ukung'anima, njira ili zii, udzu uku ndi uku. Ndinayamba ndi kuugwedeza pang'ono. Kenaka ndinalasa mphepo. Posakhalitsa ndinali nditayambitsa nyimbo ya kwathu mokweza, ndikudumpha, ndikubaya mikango imene munalibe. Ndinapha itatu. Wachinayi anali wovuta, ndinalimbana naye kuchokera pa mtengo wa bwemba mpaka pokhota paja. Ukuseka chiyani Fatsani? Iwe suja unkamenyana ndi nthochi dzana?

Nditangokhota, maso anga anagwera pa chala chopindika. Chinali pafupi, mapazi atatu okha.

Sindinaganize. Thupi linaganiza lokha. Ndinadumphira kumanja, m'udzu, mutu patsogolo, mkondo uli m'manja. Kuseri kwa chulu kuja kunali kadzenje kamthunzi, ndipo m'kadzenjemo munali njiri yaimuna itagona tulo ta masana. Ndinaigwera ndi thupi lonse, ndipo mkondo unalowa m'thako mwake.

Kulira kumene kunamveka pamenepo sindidziwa kuti kwanga kunali kuti, kwa njiri kunali kuti. Inandiponyera uko, n'kuliyatsa liwiro. Mukudziwa kuti njiri pothawa imaimika mchira. Imeneyi inaimika ziwiri, mchira ndi mkondo wa a Mlongoti, ndipo ndinaziona zikugwedezeka pamwamba pa udzu mpaka zinazimiririka m'kati mwa tchire lotseka.

Ine ndili chigonere, m'kamwa muli dothi. Panjira ndinamva dengu likutsitsidwa pansi. Apongozi sakanatha kulankhula nane, ine sindikanatha kulankhula nawo, ndiye anayankhula ndi chulu.

"Iwe chulu, tandifunsira mwana wa eni akeyo ngati wathyoka."

Ndinalavula dothi. "Chulu, uwauze amayi kuti nkhabe, sindinathyoke."

"Umufunse kuti chathawa chija n'chiyani."

"Uwauze kuti ndi njiri."

"Nanga chinaima pamsana pakecho?"

Ndinangoti, "Ndaphata miyendo, ndikupepesa, chulu. Ndi mkondo wa malume."

Ndinamva kaphokoso kena, ndipo ndinayesa kuti akulira. Patapita zaka ndinazindikira kuti ankaseka atatseka pakamwa ndi nsalu. Kenaka anati, "Chulu, umuuze kuti ine maso anga anali m'nsalu, sindinaone kanthu. Asalowe m'tchiremo kukaitsata, angaonjeze mlandu pa mlandu. Apemphe mizimu ya kwawo kuti njiriyo ikafere kutali." Anasenza dengu lawo n'kumapita.

Masiku atatu amenewo ndinanama kuposa moyo wanga wonse. Tsiku loyamba ndinati wosula sanamalize. Lachiwiri ndinati mvukuto yake yabooka. Lachitatu ndinati wapita kumaliro kutsidya kwa Shire, nyumba watseka. A Mlongoti anamutukwana munthu wosalakwayo mpaka agogo ake. Koma Ndaziona sindinathe kumunamiza. Anaona kuti chakudya ndikungochitosatosa, ndipo anandikhazika pakhonde.

"Mwachita chiyani, Zuze? Nkhope yanu ikunena kale."

Ndinamuuza zonse. Ndinkayembekeza moto uja wa padooko, koma iye anangoika dzanja pamimba n'kufunsa motsitsa kuti, "Ndiye mwana uyu adzakudziwirani kuti?" Ana inu, asilikali ndinawathawa, ng'ona ndinakumana nazo, koma mantha amene ndinamva pakhonde paja anali ena. Ndinkaopa kusenzanso mfumba. Ndinkaopa kuti mwana wanga adzakula akutcha munthu wina bambo, ndipo munthu winayo ndinkamudziwa. Anali Kampira, mlenje weniweni wa m'mudzi muno, wamapewa ngati chitseko, amene anafunsira Ndaziona ine ndisanabwere n'kukanidwa.

Tsiku la uzimba linakwana. Inu simudzaona chinthu chotere, nyama zinatha. Amuna a midzi isanu, agalu, maukonde, mauta, zibonga. Akazi ankatsala m'mphepete ndi madengu, kudikira kunyamula nyama. A Mlongoti anathira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo, kenaka anakwera pachitsa kuti aoneke, atagwira mkondo wobwereka umene ankauyang'ana monyansidwa.

"Tamverani, eni mudzi ndi alendo! Moto woyamba ndi wanga. Wolasa nyama poyamba ndiye mwini nyama, ngakhale ikafere patali. Wotsiriza atenge mwendo wamwamba. Mwendo umene wagona pansi ndi wa mwini tchire, chifukwa wakhudza dothi la makolo. Ndipo pasakhale mikangano ya ndine ndine. Kuno sitifunsa dzanja, timafunsa mkondo! Chizindikiro chimene tachipeza m'nyama, mwini wake ndiye mwini nyama. Pakakhala mlandu, ndiyenso mwini mlandu!"

Mawu akuti sitifunsa dzanja anawabwereza katatu, monga ankachitira chaka chilichonse. Ankawakonda kwambiri.

Anapeka moto ndi timitengo, osati machesi anu awa, ndipo tchire linayaka. Utsi, kulira kwa agalu, mbalame zikuwakha ziwala m'mwamba, anthu akukuwa mbali zonse. Ine anandipatsa chibonga n'kundiika kumapeto, kumene ankaika akamwini ndi okalamba. Ndinkapemphera chinthu chimodzi chokha, kuti njiri ija ikhale itadyedwa ndi afisi. Dzuwa litafika pamutu ndinayamba kupuma bwino. Ndinapha ngakhale ntchenzi imodzi, imene inadzigunda yokha pamwendo panga.

Ndiye inatulukira. Mwa njiri zonse za m'chigwa muno, inatuluka imeneyo, ikutsimphina, mpini utathyoka pakati, waya wamkuwa ukuwala padzuwa. Sinapite kwina. Inadutsa kutsogolo kwa anthu onse ngati yatumidwa, ndipo Kampira anaigwetsa ndi mkondo umodzi.

Anthu anaunjikana. Kampira anazula chitsulo chija, n'kuchipukuta ndi udzu, n'kuwerenga timizere mokweza. Kenaka ananunkhiza balalo.

"Bala ili si la lero," anatero. "Layamba kale kununkha. Nyama iyi inalasidwa tchire lili chitsekere. Nanga mkondo uwu ndi wa yani, akuluakulu?"

Panalibe wosaudziwa. A Mlongoti anafika akukankha anthu, ndipo atauona anatsegula pakamwa osatseka.

"Umenewu ndinatuma nawo..."

"Pepani malume," anatero Kampira mwaulemu wonse, "kodi tayamba kufunsa dzanja?"

Anthu anayamba kuseka, ena akubisa nkhope m'zikhatho. Mwini tchire wagwidwa ndi lamulo lake lomwe! Wina kumbuyo anati munthu wotere sangayatsenso moto woyamba. A Mlongoti anachita thukuta mpaka m'ndevu. Anangotembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana.

Pano ndikanatha kukunamizani kuti ndinaulula chifukwa cha kulimba mtima. Ayi. Ndinaulula chifukwa maso aja ankandiboola, ndipo ndinadziwa kuti ndikakhala chete adzandithamangitsabe mawa lake. Komanso, kunena zoona, zinandimvetsa chisoni kuona kamunthu kaja katafota, kamene kanandilandira ndilibe kanthu. Ndinaponya chibonga pansi n'kunjuta.

"Ndine, akuluakulu. Mkondo unali m'manja mwanga."

Kampira nkhope inawala. Za nyama anaiwala. "Mwamva nokha! Mkamwini walasa m'tchire lotseka. Lamulo mukulidziwa. Apinde mfumba!"

Kuno kuchigwa mlandu wa nyama suchedwa, chifukwa dzuwa silidikira. Akuluakulu anakhala pansi pomwepo pamthunzi wa bwemba, njiri ili pakati, ntchentche zitayamba kale msonkhano wawo. Anandifunsa mmene zinachitikira, ndipo ndinafotokoza, kusiyako za mikango. Anaseka mpaka ena kugona chagada, koma atatha kuseka mkulu wina anapukuta misozi n'kunena kuti kuseka n'kuseka, lamulo ndi lamulo. Ndinayang'ana kumene kunali akazi. Ndaziona anali ataweramitsa mutu.

Pamenepo ndinamva mapazi kumbuyo kwanga. Ndinaona chala chija, ndipo ndinafuna kudumphanso, koma anthu anandigwira. A Nangondo anakhala pansi atandifulatira, nsalu ili kumutu, naomba m'manja.

"Ndilankhuleko, eni bwalo, ngakhale za uzimba si za akazi."

Anawalola. Ndani akanawaletsa? Mudzi uno unali wa amayi awo.

"Achimwene anga amati sitifunsa dzanja. Lero mwafunsa dzanja, ndipo layankha. Ndiye musalekere panjira, funsaninso amene anaponya mwini dzanjayo. Kodi munthu uyu analowa m'tchire kukasaka? Anaponyedwamo. Anamuponya ndine. Ndinamuona patali akubwera, ndipo ndinati, Msena ameneyu amati amadziwa ulemu, lero ndimuyese. Ndinafika pokhota mwakachetechete, dala, osakhosomola. Iye anachita zimene munamuphunzitsa inu nomwe. Akanaima njii panjira n'kundiyang'ana m'maso, bwenzi mukuti alibe mwambo, achoke. Wadumpha, mukuti achoke. Tsono munkafuna aulukire kumwamba?"

Wina anati, "Komatu nyama yalasidwa, mayi."

"Yalasidwa ndi ine. Mkondo wanga ndi uyu wanjuta apayu. Ngati pali wopinda mfumba, ndine. Achimwene, nenani tsiku, ndinyamuke m'mudzi wa amayi anga."

A Mlongoti anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi. Kuthamangitsa mlongo wawo sakanatha, ndipo ndikuganiza kuti anaonanso kuti njira imeneyi ikuwapulumutsa iwo omwe. Akuluakulu anakangana ndithu. Ena ankati mkazi sangakhale mwini nyama ya uzimba. Ena ankati lamulo la tchire silinatchulepo za munthu woponyedwa. Kampira ankalumphalumpha, akuti izi n'zamasewera. Koma njiri inali itayamba kutupa, ndipo mkulu uja wa lamulo ndi lamulo ankangoiyang'ana akumeza malovu. Pomaliza a Mlongoti anakweranso pachitsa.

Anagamula kuti wolasa poyamba ndi a Nangondo, choncho njiri ndi yawo, mlandunso ndi wawo. Afulule mowa wopepesera mizimu, nkhuni zake adule mkamwini. Kampira atenge mwendo wamwamba monga wotsiriza. Mwendo wapansi, mwachidziwikire, sanauiwale. "Ndipo kuyambira lero," anakuwa, "pa malamulo a tchire lino ndaonjezapo limodzi. Apongozi azikhosomola panjira!"

Chiseko chake chinamveka mpaka kumudzi. Ine sindinaseke. Ndinangokhala paphulusa n'kumalira ngati mwana, anthu akuyesa kuti ndi utsi. Madzulo ake kunabwera mbale ya nyama kuchokera kwa apongozi, ndi uthenga wakuti mkondo nawonso umadzozedwa mafuta. Mwana atabadwa, a Nangondo anamutcha Msiyeni.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Chaka chilichonse pa uzimba, a Mlongoti akamaliza malamulo awo, ankatsiriza ndi lija, ndipo midzi isanu inkatembenuka kuyang'ana a Nangondo n'kumaseka. Anawapekera nyimbo pamtondo. Akamadutsa, anyamata ankakhosomola onse pamodzi. Anthu ankati ndi mayi uja anatchera mkamwini wake msampha. Kwa munthu wamkulu, mwini mbumba, sichinali chinthu chopepuka. Iwo ankangokhosomola mokweza, monyadira, paliponse pamene ndinali pafupi, ngakhale pabwalo poyera pamene ndinkawaona ali kutali. Ndipo ine, ndikuuzeni zoona, pansi pamtima ndinkawasungira kachakukhosi. Ndinkawathokoza, inde, koma ndinkati mavuto onsewa anawayamba okha ndi kundiyesa kwawoko.

Msiyeni atayamba kuyenda ndinapereka nkhuku, monga mwa mwambo, kuti manyazi achepe tizitha kuonana. Nkhuku anadya, koma anatumiza mawu akuti tazolowera kale, tisasokoneze zinthu. Choncho tinakhala zaka zoposa makumi awiri tikulankhulana kudzera m'zinthu. Chulu chikakhala patali tinkagwiritsa nkhokwe, mtondo, ngakhale mbuzi. Dzombe litatidyera mapira tinakambirana za njala kudzera mumphika wopanda kanthu, ndipo chaka chimenecho tinapulumukira nyika, timizu tija ta m'madzi timene inu mumati n'towawa. Madzi atasefukira ndinawanyamula m'bwato usana wonse, iwo kutsogolo ine kumbuyo, tikuuza nkhafi zoti inene. A Mlongoti anamwalira, minda inadya tchire, uzimba unayamba kuchepa mpaka unatha. Kampira anakwatira kutsidya, ndipo tinadzakhala mabwenzi omwera limodzi uchema, mowa uja wa migwalangwa, ngakhale sankalola kuti nditchule njiri.

Tsono a Nangondo anakalamba n'kudwala. Tsiku lina m'mawa Ndaziona anabwera kumunda kudzandiitana, akuti amayi akukufunani. Ndinawapeza atawagoneka pamkeka pakhonde. Ndinanjuta chakumbali, kuyang'ana kunkhokwe monga mwa masiku onse, n'kuyamba kuti, "Iwe nkhokwe, uwafunse amayi..."

"Isiyeni nkhokweyo, bambo a Msiyeni, yatopa. Tembenukani ndikuoneni."

Ndinatembenuka. Aka kanali koyamba kuwayang'ana kumaso. Anali kamunthu kochepa, ka mphini m'masaya, maso akuthwa ngati a Eneresi awa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osafulumira.

"Hii," anatero. "Patali mumaonekako bwino."

Tinaseka tonse, mpaka iwo anabanika. Atapuma anandikodola kuti ndisendere.

"Pali kanthu kamene ndakusungirani, ndisapite nako. Tsiku lija la njiri, pokhota paja."

"Zinatha kalekale zimenezo, amayi. Ndinakukhululukirani."

"Munandikhululukira?" Anayambanso kuseka. "Ndinakhosomola, bambo. Kawiri. Kachiwiriko mpaka dengu linafuna kugwa. Koma inu munali kalikiliki kupha mikango."

Ndinawafunsa kuti nanga bwanji ananama pamaso pa midzi isanu, n'kulola kusekedwa zaka zonsezi chifukwa cha munthu wobwera, wopanda ngakhale mbuzi.

"Ine kusekedwa sikukanandichotsa pamudzi," anatero. "Ndipo munthu wodumphira pa njiri chifukwa cha ulemu wanga, ndikanamupezanso kuti wina? Pitani kumunda, dzuwa likukwera."

Anamwalira patapita masiku awiri. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira amayi ondibala, ndipo manyazi amene ndinamva chifukwa cha kachakukhosi kaja sanandichokebe mpaka lero. Pakanapanda bodza la mayi amene uja, bwenzi inu nonse mulibe, kapena mukanakhala adzukulu a Kampira, a mapewa aakulu ndi mitu yaing'ono.

Thonje lija mwasakaniza, ndikuona, loyera ndi lakuda pamodzi. Mubwerezanso. Ndipo iwe Fatsani, kunditsanzira sindikukuletsa, koma dzulo unalakwitsa, unakhosomola kamodzi. Tikamadutsa pachulu paja uzikhosomola kawiri, mokweza, kuti a Nangondo adziwe kuti tsopano tinamva.